Khansa: Cifukwa Ciani Odwala a m'Makomboni Amafika Mocedwa ku Opaleshoni?

LUSAKA – Nkhani ya khansa ikamveka pa wailesi kapena m'Nyumba ya Malamulo, kawirikawiri imakhala ya makina. Zinali conco makamaka m'caka ca 2024, pamene makina oochera khansa a pa cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu Lusaka anali atakalamba ndi kuleka kugwira nchito, ndipo boma linatumiza odwala ena ku Tanzania kuti akathandizidwe kumeneko. Anthu anadandaula, ndipo madandaulo ao anali omveka. Koma pali cithandizo cina cimene sicikambidwa kwambiri, ngakhale kuti ndico caciritsa anthu oculuka odwala khansa ya cotupa pa dziko lonse lapansi. Cithandizo cimeneci ndi opaleshoni.

Kwa anthu a ku Kabanana, komboni ya kumpoto kwa mzinda m'dera la Mandevu, pamodzi ndi anzao a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, cipinda ca opaleshoni sicili kutali. Munthu angathe kukwera minibasi m'mamawa ndi kufika pa cipatala cacikulu ca UTH dzuwa lisanatenthe, pamene mnzake wa ku Chama kapena ku Shang'ombo ayenera kuyenda tsiku lonse kapena kuposerapo. Ngakhale zili tero, odwala ambiri a m'makomboni amafika pamaso pa dotolo cotupa citafika poti sicingacotsedwenso. Nanga masiku amatayikira kuti?

Kukula kwa vutoli

Bungwe la IARC, limene ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linayerekezera kuti m'caka ca 2020 anthu pafupifupi 14,000 anagwidwa ndi khansa m'Zambia, ndipo oposa 8,000 anamwalira nayo. Imene inatsogola ndi khansa ya khomo la ciberekero, imene inagwira amai oposa 3,000 ndi kupha pafupifupi 1,900 m'caka cimodzi cokhaco. Zina zofala ndi Kaposi sarcoma, khansa ya prostate ya abambo ndi khansa ya m'mawere.

M'caka ca 2015 gulu la akatswiri limene linasonkhanitsidwa ndi magazini ya za udotolo ya Lancet Oncology linatulutsa lipoti lonena za opaleshoni ya khansa. Lipotilo linati pa odwala khansa 100 alionse, oposa 80 amafunika opaleshoni pa nthawi ina ya matenda ao, ndipo ena amaifuna kangapo. Linatinso pa dziko lonse, odwala osakwana mmodzi mwa anai alionse ndiwo amalandira opaleshoni yabwino, pa nthawi yake ndi pa mtengo umene angaukwanitse.

Zimene opaleshoni imacita

Khansa imayamba pamene maselo a pa malo amodzi m'thupi ayamba kuculukana mosalamulirika. Poyamba amaunjikana pamodzi ndi kupanga cotupa. Pakapita nthawi ena amacoka pa cotupaco, nalowa m'mitsempha, nakamera kwina monga m'ciwindi, m'mapapo kapena m'mafupa. Madotolo amagawa ulendo umenewu m'masiteji anai. Pa siteji yoyamba ndi yaciwiri, nthenda imakhala ikadali pa malo pake kapena pafupi napo, ndipo opaleshoni ingathe kuicotsa yonse. Pa siteji yacitatu, nthawi zambiri pamafunika mankhwala kapena kuocha ndi makina kuti cotupa ciyambe cacepa. Pa siteji yacinai, nthenda imakhala itamwazika, ndipo mpeni sungaitsatire kulikonse kumene yapita.

Pocita opaleshoni, dotolo sacotsa cotupa cokha. Amadulako ndi mnofu wabwino wozungulira, ndipo zonsezo zimatumizidwa ku labotale kuti akaone ngati m'mphepete mwa cimene cacotsedwa mulibe maselo a khansa. Amacotsanso anabere apafupi, monga a m'khwapa ngati khansa ndi ya m'bere, cifukwa ndiko kumene nthendayi imayamba kuthawira.

Si opaleshoni iliyonse imene colinga cake ndi kuciritsa. Ina ndi yaing'ono, yongotapa kamnofu kuti kakapimidwe, pakuti palibe dotolo angatsimikize kuti cotupa ndi khansa mwa kungocigwira ndi manja. Ina ndi yocepetsa ululu kwa munthu amene nthenda yake yapita patali: kutsegula matumbo otsekeka, kuletsa magazi otayika, kapena kucotsa cilonda cimene cikumulepheretsa kukhala pakati pa anthu. Wodwala ndi abale ake ali ndi ufulu wouzidwa momveka kuti opaleshoni imene akukonzera ndi ya mtundu uti, cifukwa kusamvana pa mfundo imeneyi ndiko kumabala mphekesera zambiri.

Palinso khansa zimene sizifuna mpeni kwenikweni. Khansa ya m'magazi ndi ya lymphoma zimathandizidwa ndi mankhwala a chemotherapy. Kaposi sarcoma, imene imagwira kwambiri anthu okhala ndi HIV, imathandizidwa ndi ma ARV pamodzi ndi chemotherapy. Koma pa khansa ya m'mawere, ya m'matumbo, ya cithokomiro, ya impso mwa ana ang'onoang'ono ndi ya khomo la ciberekero ikangoyamba kumene, opaleshoni ndiyo maziko a kucira.

Ulendo wocokera ku Kabanana

Mwacitsanzo, mai wogulitsa ndiwo pa msika wa ku Kabanana wapeza kambulu kolimba m'bere pamene anali kusamba. Sikapweteka, motero sakaika kumtima. Ici ndico cinyengo coyamba ca khansa ya m'mawere: poyamba nthawi zambiri siimva kuwawa. Pakupita miyezi. Kambulu kaja kakakula, amapita ku kiliniki. Ngati amene wamuona akuganiza kuti ndi cithupsa wamba, amamupatsa mankhwala ndi kumuuza kuti adzabwerenso. Ngati wakayikira khansa, amamulembera kalata yopita ku cipatala ca m'komboni ya Chipata, cimene ndico cipatala capafupi kwa anthu a dera limeneli.

Cipatala cimeneci ndi cimodzi mwa zisanu za m'makomboni zimene zinakulitsidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Zoyamba zinali za Matero ndi Chilenje, zimene zinatha mu 2016, ndipo pambuyo pake zinatsatira za Chipata, Kanyama ndi Chawama. Colinga cinali cocepetsa khamu la anthu pa UTH, ndipo zipatalazi zili ndi zipinda za opaleshoni. Koma opaleshoni yaikulu ya khansa imafuna akatswiri, magazi okwanira ndi malo osamalira wodwala mwakayakaya, motero odwala ambiri otere amatumizidwabe ku UTH kapena ku Levy Mwanawasa.

Kumeneko mai uja amalembetsa tsiku loonana ndi dotolo, tsiku lojambulitsa, tsiku lotapa kamnofu, kenaka amadikira zotsatira za ku labotale. Akatswiri opima minofu ndi ocepa m'dziko muno poyerekezera ndi nchito imene ilipo, ndipo zotsatira zimatha kutenga masabata. Zikatuluka, pamatsala kupima magazi, kujambula cifuwa ndi mimba, ndi kulembedwa pa mndandanda wa odikira opaleshoni. Tsiku likafika, likhoza kusinthidwa cifukwa kwabwera ovulala pa ngozi ya pa mseu, kapena cifukwa magazi a mtundu wake palibe. Bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limadalira kwambiri ana a sukulu popereka magazi, ndipo masukulu akatsekera, magazi amacepa m'zipatala.

Pa makwerero onsewa palibe pamene munthu mmodzi angalozedwe cala. Aliyense amacedwetsa sabata imodzi, ziwiri kapena mwezi, koma zikaphatikizidwa zimakwana miyezi yambiri. Kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya BMJ mu 2020 anapeza kuti masabata anai alionse amene opaleshoni ya khansa yacedwa amaonjezera ciopsezo ca imfa ndi maperesenti 6 kufikira 8. Ndico cifukwa cake mu 2021 bungwe la WHO linaika miyeso itatu pa khansa ya m'mawere: kuti amai 60 pa 100 alionse azipezeka nthenda ikadali pa siteji yoyamba kapena yaciwiri, kuti kupima konse kuzitha m'masiku 60 kucokera pamene mai wafika koyamba ku cipatala, ndi kuti 80 pa 100 alionse azitsiriza cithandizo cimene ayamba.

Mantha a mpeni

Kucedwa kwina kumacokera kunyumba. M'makomboni muli cikhulupiriro cakuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imakalipa ndi kufalikira thupi lonse. Cikhulupiriroci sicinangobuka. Anthu anaonadi mnansi wao akupita ku opaleshoni akuyenda yekha, namwalira patangopita miyezi iwiri kapena itatu. Pa maliro amanong'onezana kuti akanapanda kumung'amba, bwenzi ali moyo.

Cimene sicioneka kwa anansi ndi cakuti nthendayo inali itamwazika kale tsiku la opaleshoni lisanafike. Munthuyo anafika mocedwa, mwina cifukwa ca mantha omwewo, ndipo imfa yake imalimbitsa mantha a wotsatira. Pamene zili conco, mai amene anacotsedwa bere zaka khumi zapitazo ndipo ali bwinobwino sadziwika. Amavala citenje cake, amapita ku chalichi ndi ku msika, ndipo sauza munthu. Komboni imawerenga maliro, koma ocira siiwadziwa.

Palinso nkhani ya ukwati. Bere ndi ciberekero si ziwalo wamba pa cikhalidwe ca anthu. Mai amaopa kuti mwamuna wake adzamusiya, kapena kuti apongozi adzati salinso mkazi. Ena amati ayambe afunsa amalume kumudzi, ena amayamba ayesa mankhwala a asing'anga kapena mapemphero a usiku, nabwerera ku cipatala cilonda citaphulika. Mapemphero ndi uphungu wa abale zili ndi malo ake, ndipo palibe dotolo amaletsa munthu kupemphera. Vuto limabwera pamene zalowa m'malo mwa tsiku la opaleshoni. Ndipo amene amasaina pepala lovomereza opaleshoni, ngati ndi wamkulu ndipo ali ndi nzeru zake, ndi wodwala mwini wake. Mai amene wacotsedwa ciberekero amaleka kusamba ndipo saberekanso, koma akacira angathe kukhala malo amodzi ndi mwamuna wake. Mfundo imeneyi abambo ambiri sanauzidwepo ndi munthu.

Zotsatira za kucedwa zinaoneka mu kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsatira amai odwala khansa ya m'mawere m'maiko asanu: Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia. Lipoti lake la mu 2020 linaonetsa kuti patapita zaka zitatu, amai 47 cabe pa 100 alionse a m'Zambia ndiwo anali moyo. Pakati pa amai aciyera a ku Namibia, amene ambiri anafika msanga ndi kulandira cithandizo cokwanira, amoyo anali 90 pa 100.

Bere lonse kapena cotupa cokha

Funso limene amai amafunsa kawirikawiri ndi lakuti: kodi dotolo sangacotse kambulu kokha ndi kusiya bere? Yankho lake lili ndi mbiri. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dotolo William Halsted wa ku Baltimore m'dziko la America anakhazikitsa njira yocotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pacifuwa ndi anabere a m'khwapa, ndipo njirayi inatsatiridwa kwa zaka zambiri. Mu 1981 Umberto Veronesi wa ku Milan, ndipo mu 1985 Bernard Fisher wa ku America, anaonetsa kuti ngati cotupa cili cacing'ono, mai amene wacotsedwa cotupa cokha amakhala ndi moyo mofanana ndi amene wacotsedwa bere lonse, malinga ngati bere lotsalalo laochedwa ndi makina pambuyo pake.

Apa ndi pamene nkhani ya mpeni ndi nkhani ya makina zimakumana. Ngati cotupa cakula, kapena ngati palibe citsimikizo cakuti mai adzapeza makina pa nthawi yake, dotolo wosamala amasankha kucotsa bere lonse. Motero kufika msanga sikupulumutsa moyo wokha; kungapulumutsenso bere. Ndipo makina akafa, amene amavutika si odikira makina okha, komanso amai amene akanasungirwa bere lao.

Phunziro la khomo la ciberekero

Pa khansa ya khomo la ciberekero, dziko la Zambia linacitapo kanthu msanga kuposa maiko ambiri a mu Africa. Mu 2006 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la CIDRZ unayamba kupima amai m'makiliniki a mu Lusaka, motsogozedwa ndi madotolo Groesbeck Parham ndi Mulindi Mwanahamuntu. Anamwino anaphunzitsidwa kupaka viniga pa khomo la ciberekero. Malo amene ayamba kusintha amayera, ndipo amathandizidwa nthawi yomweyo asanasanduke khansa. Ngati malowo ndi aakulu, mai amatumizidwa ku opaleshoni yaing'ono yochedwa LEEP, imene imadula kamnofu kodwalako ndi kawaya ka magetsi, ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Nthenda ikasanduka khansa yeniyeni koma ikadali yaing'ono, pamafunika opaleshoni yaikulu yocotsa ciberekero, minofu yozungulira ndi anabere a m'ciuno. Njirayi inayambidwa ndi Ernst Wertheim ku Vienna mu 1898, ndipo kufikira lero imafuna dotolo wophunzira mwapadera. Khansa ikafika m'mbali mwa ciuno, mpeni suthandizanso, ndipo cotsala ndi makina ndi chemotherapy. Bungwe la WHO likuti amai okhala ndi HIV ali pa ciopsezo cokwana kasanu ndi kamodzi kuposa anzao, motero iwo ayenera kupimitsa kawirikawiri. Katemera wa HPV, amene anayesedwa koyamba mu 2013 ku Lusaka, Kafue ndi Chongwe, nayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, adzacepetsa nthendayi pakati pa atsikana a lero. Koma amai amene ali kale ndi zaka 35 kapena 45 adzadalirabe kupimitsa ndi opaleshoni kwa zaka zambiri zikudzazi.

Phunziro la nchito ya mu 2006 ndi lakuti zinthu zinayenda cifukwa kupima ndi kuthandiza zinabweretsedwa pafupi ndi anthu, ndipo mai sanali kuuzidwa kuti abwere mawa.

Manja ocita nchitoyi

Dziko la Zambia lili ndi mbiri yabwino pa nkhani ya opaleshoni pamaso pa maiko. Mu May 2015, pa msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva, nthumwi za Zambia, kuphatikizapo dotolo Emmanuel Makasa, zinatsogolera pempho lakuti opaleshoni ndi mankhwala ogonetsa ziwerengedwe ngati mbali ya cithandizo cimene munthu aliyense ayenera kulandira, ndipo maiko anavomereza. Mu 2017 Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyamba kulemba pulani ya dziko lonse ya opaleshoni, ya zaka za 2017 kufikira 2021.

Koma pa nthawi imene pulaniyo inalembedwa, akatswiri a opaleshoni, a ubereki ndi a mankhwala ogonetsa onse pamodzi sanali kukwana awiri pa anthu 100,000 alionse, pamene lipoti la Lancet la mu 2015 linalangiza kuti azikhala 20. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'dziko muno, ndipo mzinda wa Lusaka wokha unali ndi anthu oposa 2 miliyoni. Maphunziro a akatswiri aonjezeka kudzera m'mayunivesite, m'koleji ya COSECSA ya maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa, ndi m'koleji ya ZACOMS ya m'dziko muno. Komabe kuphunzitsa katswiri mmodzi kumatenga zaka zoposa khumi kucokera pamene walowa sukulu ya udotolo, ndipo luso la opaleshoni ya khansa limafuna zaka zina pamwamba pake.

Ndiponso mutu umodzi susenza denga. Dotolo wa opaleshoni sangayambe nchito popanda wogonetsa wodwala, namwino wa m'cipinda ca opaleshoni, zipangizo zophikidwa bwino, mpweya wa oksijeni, magetsi, madzi ndi magazi. Cimodzi cikasowa, mndandanda wa tsikulo umaima.

Nkhani ya ndalama

Boma linacotsa malipiro m'makiliniki ndi m'zipatala zazing'ono za m'matauni mu 2012, ndipo lamulo la mu 2018 linakhazikitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, imene inayamba kutolera zopereka mu 2019. Ogwira nchito zolembedwa amadulidwa pa malipiro ao mwezi ndi mwezi. Koma anthu ambiri a ku Kabanana amadya za tsiku lomwelo: ogulitsa pa msika, omanga, ochapa zovala m'mayadi, oyendetsa mawilibala. Iwo ayenera kukalembetsa okha ndi kumalipira okha, ndipo ambiri amakumbukira zimenezi atadwala kale.

Ngakhale kwa amene ali ndi khadi, pali ndalama zimene inshuwalansi siilipira: minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, cakudya ca wodikirira wodwala, ndi phindu la tsiku limene thebulo la pa msika lakhala lopanda mwini. Ulendo umodzi banja lingaupirire. Maulendo khumi ndi awiri opaleshoni isanacitike ndiwo amacititsa mai kuleka pa njira, ndipo m'mabuku a cipatala amangolembedwa kuti sanabwerenso.

Zoyenera kuyang'anira

Cipatala ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa ndi mtsogoleri wa dziko Levy Mwanawasa mu 2007, ndipo kwa zaka zambiri cinanyamula cokha odwala a m'zigawo zonse. Mu 2024 boma linayamba nchito yokonzanso cipatalaci ndi yomanga cina ku Ndola. Zomanga ndi makina zimaoneka ndi maso ndipo zimakhala ndi tsiku lodula riboni. Zimene zimafupikitsa ulendo wa mai wa ku Kabanana n'zosaoneka cotero: namwino wa pa kiliniki wodziwa kugwira bere ndi kukayikira msanga, kutapa kamnofu pa cipatala ca m'komboni m'malo mwa kutumiza aliyense ku UTH, labotale yobweza zotsatira m'masiku ocepa, ndi munthu mmodzi amene nchito yake ndi kuimbira foni wodwala amene sanabwere pa tsiku lake.

Muyeso wabwino wa zonsezi ndi umodzi: masiku angati amapita kucokera pamene munthu wafika koyamba pa kiliniki kufikira pamene wagonekedwa pa tebulo la opaleshoni. Zipatala zikamawerenga masiku amenewa ndi kuwaulutsa caka ndi caka, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi anthu wamba adzatha kuona ngati zinthu zikusintha. Mabungwe a anthu amene anacira khansa, machalichi ndi alangizi a m'makomboni alinso ndi nchito yao, yoti ocira aonekere ndi kumveka.

Mbali yotsala ili m'manja mwa banja. Kambulu m'bere kapena m'khwapa, kutaya magazi pambuyo pa kukhala malo amodzi kapena mai atasiya kale kusamba, magazi m'cimbudzi kapena m'mkodzo, cilonda cosapola, kuvutika kumeza, mimba yotupa kapena kadontho koyera m'diso la mwana, zonsezi si umboni wakuti munthu ali ndi khansa, koma ndi zifukwa zokwanira zopitira ku kiliniki sabata yomweyo. Ndipo dotolo akachula opaleshoni, pali mafunso atatu amene wodwala kapena womuperekeza ayenera kufunsa asanatuluke m'cipinda: nthendayi ili pa siteji iti, opaleshoniyi ndi yociritsa kapena yocepetsa ululu, ndipo idzacitika tsiku liti.